Makorali Pansi pa Bulangete

Tsiku limene dokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti mtima wa amayi watopa, akakhalitsa ndi zaka ziwiri, ine sindinalire. Maganizo anga anathamangira kunyumba. Tili ndi zipinda ziwiri pansanjika yachisanu ndi chiwiri kuno mumzinda wa Ruse, momwe ndakhala ndi amayi kuyambira ndili m'matewera, ndipo apa n'kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Sindinakwatirepo. Anzanga a kuntchito timangopatsana moni ndi masipanala basi. Ndinadzifunsa kuti amayi akadzatuluka pakhomo paja komaliza, m'nyumbamo mudzatsala chiyani chamoyo kupatula ine. Ndinkaopa kutsala ndekha. Munthu wadazi ngati ine sauza anthu zoterezi, koma ndinkaopa.

Galu sakanatheka, chifukwa ntchito yanga yokonza zikepe imandiyendetsa tauni yonse kuyambira m'mawa. Mphaka amandiyetsemulitsa mpaka misozi. Ndiye ndinangokhala nawo manthawo, mpaka tsiku limene ndinakatulutsa mkulu wina m'chikepe chimene chinaima pakati pa nsanjika ziwiri. Anali a Stamen, amene anapuma pantchito yopanga mano oikirira. Anatuluka akutukwana kampani yathu ndi amene anayambitsa nyumba zosanja, atatopa n'kundiitanira khofi.

Nditalowa pabalaza pawo maso anga anathamangira kukhoma. Mbali yonse ya khoma inali thanki yagalasi, nyale yabuluu ikulendewera pamwamba pake, ndipo m'madzimo munali tinthambi tobiriwira ndi tofiirira, tina tophwatalala, tina tikugwedezeka pang'onopang'ono.

"Ndi apulasitiki maluwawa, achikulire?" ndinafunsa.

"Pulasitiki ndi mutu wakowo," anatero a Stamen. "Amenewa ndi makorali, nyama za m'nyanja yamchere. Ali ndi pakamwa, amakula, akayandikana amamenyana. Koma chakudya chawo chenicheni ndi kuwala. Nyale iyi ikazima masiku atatu, amapirira. Sabata imodzi, ayamba kuyera. Ukafika mwezi, kumba manda."

"Nanga akasamalidwa amakhala zaka zingati?"

"Iwe udzafa iwo alipo. Wobiriwira uyu ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mkazi wanga wachiwiri sanafikeko."

Ndinatsika masitepe tsiku limenelo nditaiwala bokosi langa la zida pampando pawo.

Thanki imene ndinagula inali ya malita mazana atatu, ndipo inakana kulowa m'chikepe cha nyumba yathu, chikepe chimene ndimachikonza ndekha. Tinaikweza pamasitepe ine ndi amuna awiri a lole, thukuta lili kamukamu. Amayi anga, a Velichka, anatichingamira pakhomo atatsamira ndodo. Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo atapuma sanasiye kuchonga zolakwa za anthu.

"Lacho, ukanadikira ndife kaye. Bokosilo walifulumiza."

"Ndi la madzi, amayi."

"Madzi atha m'mipopi?"

Ndinaiika kukhoma lochindikala, limene limanyamula nyumba, chifukwa madzi ndi miyala pamodzi zimalemera kuposa ng'ombe. Kabati ya mbale zawo zaukwati ndinaisunthira pakona, ndipo anandinyanyala tsiku lathunthu. Madzi a pampopi a Stamen anandiletsa, akuti muli mankhwala amene amapha makorali. Anandibwereka kasefa kamene kamatulutsa madzi dontho limodzilimodzi, moti masiku atatu m'bafa munali zigubu zokhazokha, amayi akusambira m'beseni uku akundiwerengera machimo anga kuyambira ndili sitandade wani. Kenako mchere. Suthira mwachisawawa ayi, umayeza pasikelo, umatakasa, umadontheza kadontho pakachida koyezera n'kusuzumiramo ndi diso limodzi. Ukaperewera uwonjezere, ukapitirira usungunule, mpaka mzere uime pamalo pake.

Koma ntchito yeniyeni inali miyala. Inabwera m'makatoni awiri, yoyera, yopepuka, yodzaza mabowo. Ine ndi nzeru zanga ndinaiunjika kumbuyo kwa thanki kuchokera uku mpaka uko, n'kuitana a Stamen kuti adzandiyamikire.

"Ukumanga khola la nkhumba?" anatero asanavule n'chipewa chomwe. "Chotsa zonsezi. Madzi ayenera kudutsa paliponse, kumbuyo, pansi, pakati. Pamene madzi aima pamaunjikana zonyansa. Kugalasi usiye mpata wolowa dzanja. Ndipo usamangire zimene uli nazo lero, uziganiza pamene nthambi zidzafike zaka zisanu zikubwerazi. Pakati usiye mchenga wokha."

"Ndiye pakhala popanda kanthu."

"Eya. Maso amafunanso popumira."

Ndinajambula kukula kwa thanki pakatoni, n'kuiyala pakhonde, ndipo masabata atatu ndikaweruka ndinkakhala pamenepo ndi nyundo, tchizulo ndi simenti. Amayi anakokera mpando wawo pachitseko cha khonde, atafunda mpango m'mapewa, n'kudziika okha pa ukapitawo.

"Wakumanzerewo wakula kwambiri. Uswe."

"Ndauswa kale kawiri, amayi."

"Uswenso. Ndipo milu iwiri yofanana siikongola, umodzi uzitalika. Ukuikiranji pakatikati ngati mphuno? Sunthira kumanja."

Ankalondola, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipsetsa mtima. Pamapeto pake kumanja kunaima mlatho wautali wokhala ndi mphako pansi, kumanzere kachilumba kakafupi, pakati mchenga woyera. Ndinamangira zonse m'thanki mwenimwenimo, ndipo simenti itauma zinakhala chinthu chimodzi chosasunthika.

Kenako kudikira. A Stamen anaponyamo kachidutswa ka nsomba yaiwisi kuti kaole, akuti tizilombo tosaoneka ndi maso tiyambe taswana m'mabowo a miyala, ndi timene timadya zonyansa. Masabata asanu ndi limodzi thanki inangokhala ndi madzi, miyala ndi phokoso la pampu. Miyala yanga yoyera ija inachita ndere zofiirira zonyansa kuziona, kenako zobiriwira, kenako n'kuyeranso yokha. Ine tsiku ndi tsiku ndinkayeza madzi m'timabotolo, kudikira mtundu usinthe. Tsiku lina ndinamva amayi ali pafoni ndi achemwali anga a Nevyana, amene amakhala ku Pleven. Iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka zinayi, amuna awo anamwalira, ana awo onse ali ku Spain.

"Mlongo wako wayamba ziweto," ankatero amayi. "Akuweta miyala. Ayi, sinayambe kuikira mazira."

Mu Novembala a Stamen anandiimbira kuti akusamukira kwa mwana wawo ku Germany, mawondo awakana masitepe. Thanki yawo anaipereka kwa wamalonda wina wa ku Varna, koma anabwera kwathu pa takisi atakumbatira ndowa yokutidwa ndi jekete. Munali timakorali khumi todula m'thanki mwawo, ndi wobiriwira uja wathunthu.

"Uyu sagulitsidwa," anatero. "Amapatsidwa kwa munthu. Ukamupha ndidzamva ndili konko."

Anawamata okha ndi guluu, ndi zala zawo zozolowera mano a anthu. Okonda kuwala kwambiri anawaika pamwamba pa mlatho, ofewa pansi pamthunzi, aukali paokha kuti asawotche anzawo. Wobiriwira anamuika pamsonga penipeni. Nsomba anati ndidikire mpaka nyengo yotentha, thanki ikhwime kaye. Anamwa kapu imodzi ya rakiya, kachasu wa kuno, ndi amayi, anakangana nawo za ndale, n'kunyamuka.

Miyezi inayi yotsatira ndinali munthu wosangalala, ndinene mosabisa. Kunja kunali chisanu, mtsinje wa Dunav uli mbuu ndi nkhungu, koma ndikatsegula chitseko ndinkapeza pabalaza pakuwala buluu, amayi ali pampando moyang'anizana ndi thanki, ndi lipoti la tsiku lonse.

"Wobiriwira watulutsa tsitsi lake lonse lero. Koma wofiira wapansiyo ndi waulesi, wadzuka teni koloko. Watengera iwe."

Makorali anagwira miyala, n'kuyamba kuyanga pamwamba pa guluu mpaka guluuyo osaonekanso. Ndinkawayang'ana n'kumadziuza mumtima kuti tsiku loipalo likadzafika, m'nyumba muno mudzakhalabe zamoyo khumi ndi chimodzi zodikira kuti ndibwere kuntchito.

Linafika mu Malichi. Amayi anagonekedwa m'chipatala Lolemba, achemwali anabwera pa basi Lachiwiri, ndipo Lachinayi masana amayi anamwalira. Achemwali anali pambali pawo. Ine ndinali pamwamba pa chikepe m'nyumba ina ya kumsika, manja ali bii ndi girizi, foni ikulira m'thumba.

Nditamaliza za mapepala kuchipatala ndinafika kunyumba cha m'ma folo koloko, n'kupeza achemwali atayamba kale zawo. Galasi la pakhomo linali litafunditsidwa nsalu, la kubafa chimodzimodzi, wailesi yakanema ndi kabati ya mbale zomwe. Tonse tinakula tikudziwa zimenezi. Mzimu wa womwalira umayendayenda m'nyumba masiku makumi anayi kutsanzikana ndi malo ake, ndipo ukadziona m'galasi umakodwa, osapezanso njira. Zimenezo sindinadabwe nazo. Koma pabalaza panali mdima. Nyale ya thanki anali ataizula kusoketi, ndipo thanki yonse, pamwamba ndi m'mbali, inali pansi pa bulangete lochindikala la ubweya limene amayi ankafunda m'miyendo.

"Achemwali, mwatani apa?"

"Ndafunditsa. Ukufunsa ngati mlendo bwanji?"

"Limeneli si galasi loonera nkhope."

"Ndaimapo ine, ndadziona bwinobwino, ndi makwinya omwe."

"Chabwino, funditsani m'mbalimu, koma pamwamba musiye kuti nyale iziwala."

"Madziwo saonetsa nkhope? Agogo ankataya ndi madzi a m'ndowa omwe munthu akamwalira. Uthokoze kuti sindinakutayitse nyanja yakoyo. Ndiponso anthu azibwera kudzapepesa, apeze m'nyumba mukuwala buluu ngati m'bala?"

"Afa, achemwali. Masiku makumi anayi opanda kuwala, afa onse."

"Amene afa ndi amayi, Lacho, lero lomwe lino. Iwe ukulira ndiwo zamasamba."

Chimene ndinapambana ndi pampu yokha. Ndinawauza kuti ikazima madzi aola, fungo lifika mpaka nsanjika yoyamba, ndipo anailola. Zowasamutsa ndinaziganizira, koma makorali anali atagwira miyala, miyalayo ili chinthu chimodzi ndi simenti, ndipo munthu yekhayo amene ndinkamudziwa wokhala ndi thanki yamchere anali ku Germany. Ndinadzitonthoza kuti masiku atatu amapirira. Tikaika maliro achemwali abwerera ku Pleven, ine n'kuvundukula.

Tinaika maliro Loweruka. Lamulungu m'mawa ndinawapeza akupachika madiresi awo m'wadiropu ya amayi.

"Ndikhala mpaka makumi anayi," anatero. "Ukuganiza kuti ndani azipita kumanda m'mawa uliwonse ndi madzi ndi kandulo? Iwe?"

Apa ndiulule chinthu chochititsa manyazi. Ndinakwiya, komanso mtima unakhala pansi. Ndikaweruka ndinkamva mapoto akulira ndisanalowetse kiyi. Pathebulo pankakhala mbale ziwiri, msuzi wa nyemba wothira timbewu tonunkhira monga ankaphikira amayi, ndi munthu wondikalipira kuti ndalowa ndi nsapato. Ndinkadya nditafulatira bulangete lija. Pansi pake pampu inkangolira, ndipo ine ndinkawerenga masiku kawiri, a amayi ndi a makorali.

Madzi akaphwa ndinkawonjezera kudzera m'kathanki kakang'ono ka m'kabati ya pansi pa thanki, osakhudza bulangete. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, achemwali ali kubafa, ndinalowetsa mutu pansi pake ndi tochi ya foni. Onse anali atafota, mitundu itasuluka. Ndinatulutsa mutu msanga nditamva madzi atsekedwa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinapita kumanda ndi wansembe. Tinathira vinyo pamtumbira, tinagawira anthu tirigu wowiritsa wothira shuga, kenako tinadya nkhomaliro ndi achibale ochepa amene atsala, anthu oti timaonana pamaliro pokhapokha. Tinafika kunyumba cha m'ma fili koloko. Achemwali analowa kukhitchini, ine ndinasuzumiranso pansi pa bulangete. Awiri apamwamba pa mlatho anali atayera mbee, mafupa okhaokha. Wobiriwira anali atayamba kusupuka kumunsi, mnofu wake ukulendewera m'madzi.

Sindinaganizenso kawiri. Ndinakoka bulangete lonse n'kuliponya pasofa, ndinalumikiza nyale, ndipo pabalaza panawala. Achemwali anatulukira atanyamula mbale ya tirigu wotsala.

"Bwezera."

"Sindibwezera."

"Lachezar, ndati bwezera bulangetelo," anatero, akutchula dzina langa lonse.

"Nyumba ino ndakhalamo ndine, achemwali. Inu munachoka muli ndi zaka makumi awiri, mumabwera pa Khirisimasi ndi keke yogula. Amene ankasambitsa amayi ndine. Lero mubwere kudzandiphera zinthu zanga chifukwa cha nthano za agogo?"

"Nena zonse, ndamva. Koma ukudziwa chimene ukuchita? Akadutsa pano n'kudziona, njira iwasokonekera. Sachokanso m'nyumba muno. Ndi zimene ukufuna?"

Ndinali ndi mayankho ambiri okonzeratu. Ndinkafuna kunena kuti wansembe yemwe anati zimenezi mulibe m'mabuku a tchalitchi, kuti amayi anali mphunzitsi wa masamu osati wa zamizimu. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali china, ndipo ndinachimva nthawi imodzi ndi iwo.

"Inde. Ndi zimene ndikufuna. Akhale. Kumeneko akukatani? Mpando wawo si uwu?"

Achemwali anaika mbale pathebulo. Ndinkayembekezera kuti akuwa mpaka aneba amve, koma anangokhala pasofa pambali pa bulangete, n'kuyamba kulisalaza ndi dzanja. Kukuwa kukanakhala bwino.

"Lachitatu, iwe uli kuntchito, amayi anandiitana ndisendere pafupi," anatero. "Anati, 'Nevyana, ndatopa. Chaka chonsechi ndimadzuka chifukwa cha Lacho basi. Kupuma kumandiwawa, koma ndikaganiza zoti abwere kuntchito apeze m'nyumba muli zii, ndimakokanso mpweya wina.' Kenako anati, 'Ndikapita ukafunditse zonse, usasiye kampata. Ndimadzidziwa ine. Ndikangopeza chifukwa chotsalira, nditsala.'"

"Ankanena magalasi."

"Anayambira thanki yakoyo. Anati ndi pamene maso awo anazolowera, sangadutse osayang'anapo."

"Bwanji simunandiuze tsiku loyamba?"

"Anandiletsa. Anati udzadziona ngati unali katundu."

Ndinayang'ana thanki. Nyale inali itawala mwina mphindi khumi, ndipo kumsonga kwa wobiriwira, kumene kunali kudakali moyo, kunkanyezimira ndithu. Ndinadziwa kuti ndikaisiya choncho, iyeyo ndi ena asanu kapena asanu ndi mmodzi apulumuka. Ndinaganizanso za amayi pampando uja, akundipatsa lipoti la makorali n'kumaseka, pomwe mpweya uliwonse ukuwawawa, ine osaona kanthu chifukwa sindinkafuna kuona. Zaka zonsezi ndinkati ndikuwasamala.

Kunena zoona, mpaka lero sindidziwa ngati mizimu imakodwa m'magalasi. Ndimakonza zikepe ine, ndimakhulupirira zingwe ndi mabuleki. Koma anali atapempha, ndipo pa zonse zimene anandipempha moyo wawo wonse, ichi chokha ndi chimene chinali cha iwo eni. Ndinagwada n'kuzula nyale kusoketi. Ndinatenga bulangete m'manja mwa achemwali, ndinafunditsa thanki ndekha, pamwamba ndi m'mbali, n'kupinda makona bwinobwino kuti pasatsale kampata.

Masiku makumi atatu ndi limodzi otsalawo sindinasuzumirenso. Mphuno ndi imene inkandiuza. Sabata yachitatu pabalaza panayamba kafungo ka m'mbali mwa doko, ndipo ndinkasintha madzi kudzera m'kabati yapansi, ndowa ziwiri tsiku lililonse, n'kuika makala osefera. Ndinkasakanizabe mchere molondola, sindikudziwa kuti ndinkachitira ndani. Achemwali sanatchulepo za fungolo ngakhale kamodzi. Ankangotsegula zenera, ndipo nyama yaikulu m'poto ankaiika m'mbale yanga. Sabata yachisanu fungo linatha lokha, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake.

Tsiku la makumi anayi tinapitanso kumanda ndi wansembe, tirigu ndi vinyo. Titabwerako achemwali anayenda chipinda ndi chipinda kuchotsa nsalu, akupukuta galasi lililonse ndi madzi a viniga. Bulangete sanalikhudze. Sutikesi yawo inali kale pakhomo. Mwana wawo wamkazi ku Spain anali woyembekezera, miyezi itatha, ndipo ankawafuna kumeneko sabata yomweyo.

"Ndikuperekezeni kudepoti?"

"Usavutike, takisi ili pansi. Nyemba zophika zatha, ugule buledi. Ndipo uzimeta ndevu, ukuoneka ngati mkaidi."

"Chabwino, achemwali."

Anaima pachitseko, chikwama chili m'khwapa, akuyang'ana kumbuyo kwanga pabalaza.

"Apita bwino, Lacho. Ndikumva mumtimamu kuti apita bwino."

"Inde, apita."

Anandipsompsona pamphumi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ndili mwana, n'kulowa m'chikepe. Ndinaimirira pomwepo kumvetsera mpaka chinafika pansi. Chinaima bwino, popanda kugwedezeka.

Ndinabwerera pabalaza n'kuchotsa bulangete. Dzuwa la masana linali likulowa pazenera, moti nyale sindinaiyatse. Madzi anali oyera kuposa kale lonse. Mlatho unali chiimire, kachilumba kali pamalo pake, mchenga uli woyera, ndipo makorali onse khumi ndi mmodzi anali pomwe a Stamen anawamata, nthambi iliyonse ili m'malo mwake, onse oyera mbee. Munalibe chogwedezeka china kupatula madzi.

Ndinapinda manja a malaya, ndinatenga pulayala m'bokosi la zida, n'kuyamba kuwathyola mmodzimmodzi. Ankathyoka mosavuta, akulira ngati makapu osweka. Wobiriwira yekha ndi amene anandivuta, anali atagwira mwala zolimba, mpaka ndinachita kumugogoda ndi tchizulo. Ndinawaika onse m'ndowa. Kudzala la zinyalala ndinalephera kupita nawo, ndiye ndinaika ndowayo pakhonde n'kutseka chitseko.

Itakwana sikisi koloko njala inandipeza, poti thupi silidziwa za maliro. Ndinalowa kukhitchini, ndinatereka madzi, ndinatsitsa chitini cha mpunga ndi kapu yoyezera. Ndinatunga kapu yodzaza monga mwa masiku onse, kenako ndinabweza theka, kenako ndinawonjezera pang'ono, kenako ndinabwezanso. Madzi anawira ine ndili chiimire ndi kapu m'manja. Zaka zonsezi ndikuphika m'khitchini imeneyi, ndinali ndisanadziwe kuti munthu mmodzi amadya mpunga wochuluka bwanji.